Mfumukazi ya ku Chilenje ndi Amene Anailembera Mbiri

Loweruka lina mwezi watha ndinafika msanga ku Kabulonga, kumene ndimaphunzitsa tyushoni mtsikana wa Giredi 11. Ndinamupeza akuonera sewero la pa TV lochedwa The Great, lonena za Catherine, mfumukazi ya ku Russia. Tisanatsegule mabuku anandifunsa kuti, "Madamu, nanga ife kuno tinalibe mzimai wamphamvu ngati uyu?"

Ndinayankha mwauphunzitsi. Ndinachula Nyangu, mai wa ufumu wa Kalonga pakati pa Acewa. Ndinachula Mamochisane, amene anasiyiridwa ufumu wa Akololo ndi atate wake Sebetwane mu 1851, iye naupereka kwa mlongo wake Sekeletu. Ndinachula amai Nkomeshya Mukamambo II a Asoli, amene akhala pampando kuyambira 1971, zaka zoposa zimene Catherine analamulira, ndipo mzinda wathu uno unamangidwa pa dziko la Asoli. Mtsikanayo analemba maina onse atatu. Ine ndinakhutira.

Mu minibasi pobwerera ku Kabwata m'pamene ndinazindikira kuti ndalumpha dzina limodzi, ndipo ndalilumpha dala. Mzimai amene dzina lake lenilenilo limatanthauza mfumukazi, amene anagwedeza dziko lino kuposa onse amene ndinachula, anafera ku New Chilenje, ulendo wa pansi kucokera pakhomo panga. Dzina lake ndi Alice Lenshina.

Cifukwa cimene ndinalumphira dzinali ndikucidziwa. Ambuya anga, amai a atate, anali a ku Lundazi. Mu Ogasiti 1964 anagona m'dambo masiku atatu, mwana kumsana, kuthawa anthu a Lumpa. Mwanayo anali atate anga. Pakhomo pathu Lenshina linali dzina loopsezera ana okana kugona. Ndinakula, ndinapita ku yunivesite, ndinaphunzira mbiri yakale, koma mantha a ambuya ndinali nao cikhalire, ndipo tsiku limenelo ndi amene anasankha zoti mwana wa eni ake amve.

Conco ndinatenga mabuku awiri n'kuwawerenga pamodzi. Loyamba ndi Catherine the Great: Portrait of a Woman la Robert K. Massie, la mu 2011, limene ndinagula kwa anyamata oyala mabuku pansi mu Cairo Road. Laciwiri ndi A Time to Mourn la John Hudson, lofalitsidwa kuno ku Lusaka mu 1999, limene ndinabwereka kwa mphunzitsi mnzanga ku Chelstone. Sindikunena kuti azimai awiriwa anali ofanana. Wina anali ndi asilikali, zombo ndi dziko locokera ku Poland kufika ku nyanja ya Pacific. Wina anali mlimi wa kumudzi wokhala ndi mau ake ndi nyimbo zake. Cimene cinandikoka n'cakuti mabuku onsewa, ngakhale ndi abwino, ali ndi cilema, ndipo zilemazo zikucokera pa funso limodzi: kodi colembera cinali m'manja mwa yani?

Tiyambe ndi Catherine. Anabadwa mu 1729 ku Stettin, dzina lake linali Sophie, mwana wa kalonga wamng'ono wa ku Germany. Anafika ku Russia mu 1744, nakwatiwa ndi Peter caka cotsatira. Mu 1762 asilikali a ku St Petersburg anamukweza pampando, mwamuna wake nagwidwa, ndipo patangopita masiku ocepa anafa ali m'manja mwa anthu a mkazi wake. Catherine analamulira zaka 34, kufikira 1796. Anatsegula sukulu ya atsikana ya Smolny mu 1764. Mu 1768 analola dokotala wa ku England, Thomas Dimsdale, kumupatsa katemera wa nthomba pamene anthu ambiri anali kuuopa. Analanda Crimea mu 1783, nagawana dziko la Poland ndi mafumu anzake katatu.

Koma cina cimene Catherine anacita tsiku ndi tsiku cinali kulemba. Analemberana makalata ndi Voltaire. Anagula mabuku onse a Diderot, namulola kukhala nao moyo wake wonse. Analemba malangizo a malamulo atsopano ochedwa Nakaz mu 1767. Koposa zonse, analemba mbiri ya moyo wake m'Cifalansa. Mzimaiyu anadziwa kuti wolamulira amaweruzidwa kawiri, ali moyo ndiponso atafa, ndipo anakonzekera mlandu waciwiriwo ndi dzanja lake.

Apa m'pamene pali ubwino ndi vuto la buku la Massie. Gawo loyamba likuyenda ngati nthano, cifukwa Massie watsamira kwambiri pa zimene Catherine analemba yekha. Timamuona ali kamtsikana kosungulumwa, kakuphunzira Cirasha usiku mpaka kudwala. Timaona mwamuna wake akusewera ndi tizidole ta asilikali. Pofika pa 1762 woŵerenga amakhala atasankha kale mbali. Koma amene anatiuza kuti Peter anali citsiru ndi mkazi amene anafunikira kuti dziko likhulupirire zimenezo. Ndipo mbiri yakeyo anailekezera ca mu 1759. Anaika colembera pansi nkhani isanafike pa mtembo. Massie sabisa zoipa. Akufotokoza za alimi amene anali ngati akapolo, ogulitsidwa pamodzi ndi minda, amene mu 1767 analetsedwa ngakhale kudandaula kwa mfumukazi za nkhanza za ambuye ao. Akufotokoza za kuukira kwa Pugachev kuyambira 1773, ndi kuphedwa kwake ku Moscow mu 1775. Akuchula Radishchev, amene anapirikitsidwira ku Siberia mu 1790 cifukwa ca buku lodzudzula ukapolowo. Zonsezi zilimo. Koma zibwenzi za mfumukazi zili ndi maina, nkhope ndi makalata, pamene alimi aja ali ciunyinji cabe. Ukamaliza bukuli umamva cisoni kuti Catherine wamwalira. Catherine anapambana mlandu wake zaka zoposa 200 atalowa m'manda.

Tsopano tibwere kwathu. Alice Mulenga Lubusha anabadwira m'mudzi wa Kasomo, m'boma la Chinsali, ca mu 1920. Mu Seputembala 1953 anadwala kwambiri, ndipo atacira ananena kuti anafa, nakumana ndi Yesu, natumidwanso. Anapita ku mishoni ya Lubwa, kumene m'busa Fergus Macpherson anamumvetsera, namubatiza. Dzina lakuti Lenshina ndi kachulidwe ka Cibemba ka Regina, ndiko kuti mfumukazi. Posakhalitsa anasiyana ndi mishoni, ndipo mpingo wake unachedwa Lumpa, kutanthauza woposa ina yonse. Analetsa ufiti, mowa, mitala ndi kulowa cokolo. Anthu anayenda pansi milungu, ena kucokera ku Lundazi ndi ku Nyasaland, kukatula nyanga ndi zithumwa pamapazi ake. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 omutsatira anaposa 50,000, ndipo mu 1958 anatsiriza chalichi cacikulu ca njerwa ku Kasomo, kumene anacha Sione, comangidwa ndi manja ao ndi ndalama zao.

Ameneyu sanali mlaliki cabe. Anali ndi likulu, madikoni, zopereka ndi malamulo a ukwati. Anthu ake anayamba kumanga midzi popanda cilolezo ca mafumu. Pamene UNIP inali kufuna kuti munthu aliyense akhale ndi khadi la cipani, a Lumpa ambiri anakana, ena natentha makhadiwo. Machalichi ao anatenthedwa, anthu anamenyedwa ndi kuphedwa mbali zonse ziwiri, ndipo mu 1963 a Lumpa anayamba kudzitsekera m'midzi ya malinga. Mu Julayi 1964 Kenneth Kaunda, amene anali nduna yaikulu, anawalamula kuti acoke m'midzimo. Nkhondo inabuka kumapeto kwa mweziwo. Asilikali analowa mu Sione pa 30 Julayi. Mpingo unaletsedwa pa 3 Ogasiti, ndipo Lenshina anadzipereka pa 11 Ogasiti. Ciŵerengero ca boma cinati anthu oposa 700 anafa, ambiri a iwo a Lumpa okhala ndi mikondo ndi nkhwangwa pamaso pa mfuti. Ena amati analipo ambiri kuposa apo. Zikwi zambiri anathawira ku Congo. Patangotha milungu pafupifupi khumi ndi umodzi, pa 24 Okutobala, tinakweza mbendera.

John Hudson anali Bwana DC ku Isoka m'miyezi imeneyo, ndipo buku lake ndi umboni wa munthu amene analipo. Ndikufuna kuliyamikira poyamba, cifukwa likuyenera. Analilemba patapita zaka 35, popanda kudzitama kwa msilikali wopambana. Mutu wake weniweniwo ndi wa maliro. Sakubisa kuti anyamata a UNIP anazunza a Lumpa nkhondo isanayambe, nkhani imene m'zaka za cipani cimodzi inali yonong'ona. Sakubisanso kuti a Lumpa anapha anthu osalakwa. Iye anali mtsamunda wa m'boma limene linali kunyamula katundu, wogwira nchito pansi pa nduna zakuda zimene zinali zisanalandire dziko, ndipo bukuli likuonetsa bwino cisokonezo ca nthawi imeneyo, pamene mfuti zinali za boma lakale koma lamulo linali la boma latsopano. Kwa mphunzitsi amene anakula akumva kuti ufulu wathu unabwera mwamtendere, masamba amenewa ndi mankhwala oŵaŵa ofunika kumwa.

Koma ndinaŵerenga ndikufunafuna mzimai mmodzi, ndipo ndinali kumuona patali, ngati munthu woyenda kuseri kwa utsi. Timadziwa kumene asilikali anaima, tsiku limene analowa m'mudzi wakuti, ndi mitembo imene anaŵerenga. Lenshina yekha amafika kwa ife kupyolera m'malipoti, m'mphekesera ndi m'kamwa mwa womasulira. Kodi anaganiza ciani atamva za Sione? Kodi madikoni anali kumumverabe, kapena mpingo unali utamupitirira? Kodi analamula kuti anthu amenye nkhondo, kapena anangolephera kuwaletsa? DC sakanatha kuyankha zimenezi, ndipo sindikumuimba mlandu polemba zimene anaona ali pamene anaima. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Hudson sananene za m'maluwa, ananena zoona, koma anamva ndi makutu a ku boma.

Vutoli si la iye yekha. Mu 1965 boma linatulutsa lipoti la komishoni yofufuza za Lumpa, ndipo m'menemo boma likufotokoza za mdani wake. Andrew Roberts analemba kabuku kosamala kwambiri ka mbiri ya mpingowu. Wim van Binsbergen, m'buku lake la mu 1981, anaona Lumpa ngati kuukira kwa alimi okana kumezedwa ndi boma ndi cuma ca ndalama. Maganizowo ndi akuthwa, koma mwa iwo Lenshina amasanduka cizindikiro ca gulu, munthuyo n'kuzimirira. Kampamba Mulenga, Mzambia mnzathu, mu Blood on Their Hands la mu 1998 anatembenuza cala n'kuloza a cipani, ndipo anacita bwino kuswa cete, ngakhale kuti buku loimba mlandu limafuna munthu woyera mbali inayo. Amene anayandikira kwambiri ndi wansembe Hugo Hinfelaar, amene anaona kuti Lenshina anali kubwezera azimai Acibemba udindo wa zauzimu umene mamishoni anawalanda, ndi David Gordon mu Invisible Agents la mu 2012, amene anakana kucepetsa cikhulupiriro ca anthuwa kukhala njala kapena ndale zobisala. Onsewa ndi amuna, ndipo onse analemba m'Cingerezi. Lenshina sanazengedwe mlandu m'khoti pa zocitika za 1964, conco tilibe ngakhale mau ake a pamaso pa woweruza. Catherine ali ndi mau ambiri m'mbiri yake mpaka amagonjetsa womulembera. Lenshina ali ndi ocepa mpaka aliyense amalankhula m'malo mwake.

Taonaninso zimene mphekesera zimacita ndi azimai otere. Funsani munthu wamba za Catherine, adzakuuzani za amuna amene anagona nao, ndi bodza lonyansa la imfa yake, pamene iye anafa ndi sitiroko. Funsani pa Kulima Tower za Lenshina, mudzamva za kumwa mikodzo ndi za zipolopolo zosanduka madzi. Nkhani zimenezi, kaya zina zili ndi mbali yoona, zimagwira nchito imodzi: zimatipulumutsa ku funso lovuta lakuti mzimaiyu anali ndi nzeru yanji imene inakoka anthu ambiri cotere. Mwamuna akalamulira timafunsa za mfundo zake. Mkazi akalamulira timafunsa za thupi lake kapena mankhwala ake.

Komatu si zoona kuti Lenshina sanasiye zolemba. Anasiya nyimbo. Olemba onse aja amavomereza kuti nyimbo zake ndi zimene zinakhuthula mabenchi a ku Lubwa ndi a Akatolika. Nyimbo za mishoni zinali zomasuliridwa, mau Acibemba okakamizidwa kulowa m'maimbidwe a ku Scotland. Zake zinabadwira m'cinenero ca anthu, zazifupi, zobwerezabwereza, zokamba za kuoloka mtsinje, za kuwala ndi za kusamba mtima. Mzimai wobwera ku madzi anali kuzigwira tsiku lomwelo. Zikuimbidwabe lero m'mipingo imene inaphukira pa citsa ca Lumpa. M'mabuku a akatswiri nyimbozi zimaoneka ngati umboni, mizere iwiri yomasuliridwa kuti itsimikize mfundo ya wolemba. Ife okonda zolembalemba m'zinenero zathu ndife oyenera kucita manyazi apa. Timadandaula kuti ndakatulo za azimai a m'dziko lino n'zosowa, pamene mmodzi wa opeka nyimbo amphamvu koposa m'zaka za m'ma 1950 sitinamuŵerengepo ngati mlakatuli. Nakaz ya Lenshina ndi nyimbo zake. Wofuna kudziwa zimene anali kuganiza za imfa, za ufiti, za ukwati ndi za ulamuliro ayambire kumeneko.

Pano ndiyenera kudzigwira, cifukwa ndikuona kumene colembera canga cikuthamangira. N'kosavuta kwa mzimai wophunzira wa mu Lusaka kutenga Lenshina n'kumuveka korona, kumuika pa tisheti pa 8 Malichi, n'kuiwala ambuya anga m'dambo muja. Kumayambiriro kwa Ogasiti 1964 a Lumpa anaukira boma la Lundazi ndi midzi yozungulira, napha anthu pafupifupi 150. Ophedwawo anali alimi, azimai ndi ana, osati asilikali. Patangopita masiku ocepa, anthu a m'midzi anabwezera pa mudzi wa a Lumpa wa Paishuko, m'boma lomwelo, napha anthu oposa 40 mwankhanza yosaneneka. Ambuya anandiuza za coyamba kambirimbiri. Za caciwiri sanandiuzepo, ndinaciŵerenga m'buku ndili wamkulu. Sindikudziwa ngati abale athu analipo ku Paishuko, ndipo amene akanandiuza anapita. Ndico cifukwa cake sindikufuna buku lomuyeretsa Lenshina. Ndikadzacita zimenezo ndidzakhala ndabwereza colakwa ca Massie, kukonda mfumukazi mpaka anthu wamba kusanduka ciŵerengero. Mtsogoleri amene anthu anafa m'dzina lake, ena napha m'dzina lake, ayenera kufunsidwa mafunso olimba. Koma kuti umufunse, uyenera kuyamba wamulola kulankhula.

Lamlungu lapitali ndinayenda pansi kucoka ku Kabwata kupita ku Chilenje. Nyumba nambala 394, imene Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962, ndi cikumbutso ca dziko. Ndapitako ndi ana a sukulu kangapo. Amajambulitsa pafupi ndi Land Rover ija. M'dera lomwelo Lenshina anakhala zaka zake zitatu zomaliza. Anasungidwa ku Mumbwa, ku Kalabo ndi ku Mkushi, ndipo mu Disembala 1975 anabweretsedwa ku New Chilenje, kumene anakhala moyang'aniridwa mpaka anamwalira pa 7 Disembala 1978. Mtembo wake unabwerera ku Kasomo. Awiriwa anali ana a dera limodzi. Kaunda anabadwira ku Lubwa, mishoni imene atate ake David Kaunda, ocokera ku Nyasaland, anathandiza kuyambitsa, ndipo mkulu wake Robert anakhalapo wa Lumpa. Nkhondo ya 1964 inali ya pacibale. Mwa ana onse amene ndapita nao ku 394, palibe ndi mmodzi yemwe amene anadziwa kuti mzimaiyu anafera m'misewu yomweyi. Mlandu wake ndi wanga, cifukwa mphunzitsi wao ndine.

Ŵerengani Hudson, ngati mungalipeze. Ndi buku loona mtima, ndipo dziko limene lili ndi mabuku ocepa a mboni silingalitaye. Ŵerengani Massie kuti muone mmene mbiri ya mzimai wolamulira ingalembedwere mokoma, koma muzikumbukira amene anamunong'oneza. Buku limene tikusowa silinalembedwe. Liyenera kucokera kwa munthu womva Cibemba, Citumbuka ndi Cinyanja, wokhoza kukhala pamphasa ndi nkhalamba za ku Chinsali, ku Lundazi ndi za m'makomboni a ku Copperbelt kumene obwerera ku Congo anakhazikika, wopita ku National Archives ku Ridgeway m'mawa, madzulo n'kukamvera kwaya. Amene anali ndi zaka 15 mu 1964 lero apitirira zaka 70. Mlandu suola, koma mboni zimafa. Ambuya anga anamwalira ndisanaganize zowajambula mau, ndipo foni ndinali nayo m'cikwama.

Loweruka likubwerali ndibwerera ku Kabulonga. Ndidzamuuza mtsikana uja kuti atsegule pa tsamba limene analemba maina atatu, awonjezere lacinai. Akadzandifunsa ngati Lenshina anali munthu wabwino kapena woipa, ndidzamuuza za Sione, za Lundazi ndi za Paishuko, zonse zitatu, kenaka ndidzamufunsa kumene ambuya ake anali mu Ogasiti 1964.